Chaka Chimene Soya Anagona Pabalaza Pathu

Penshoni yanga inatuluka patatha zaka ziwiri nditatula choko. Ndinaphunzitsa ku pulayimale moyo wanga wonse, ndipo zaka zomalizira ndinali hedimasitala pa sukulu ina m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, kumene ana amafika m'mawa zala zitauma ndi chisanu moti ola loyamba pensulo sigwirika. Tsiku limene anandiuza kuchuluka kwa ndalama zanga zopumira ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Zinali zokwana chigayo ndi kanyumba ka lendi ku Boma. Koma pamene zimafika m'manja mwanga, kwacha inali itaonda kwambiri. Zikanakwana injini ya chigayo yokha, yopanda nyumba yoikamo.

Ndalama zinalowa Lachitatu. Lachinayi m'mawa ndinapeza alamu anga atakhala kale pakhonde, chipewa chili pabondo. Akazi anga analumbira kuti sanauze munthu aliyense, kupatula mng'ono wawo.

Alamu amenewa ndi achimwene awo a akazi anga, ndipo kwathu kuno amadziwika kuti "a ku banki". Anagwiradi ntchito ku banki ina ku Lilongwe zaka zambirimbiri. Chimene anthu a m'mudzi sankafunsa n'chakuti ankagwira mbali iti. Ife apachibale tinkadziwa. Ankaima pakhomo, chibonga m'manja, kutsegulira anthu chitseko ndi kuwauza kuti azimitse foni. Iwo ankati ndalama iliyonse yolowa m'banki imadutsa pakhomo, ndiye palibe woidziwa bwino kuposa wapakhomo. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi jekete yakuda ya mabatani onyezimira, komanso foni yaikulu yosweka pangodya, momwe azungu ena ovala matayi ankalankhula usana wonse za chuma cha dziko lapansi.

"Alamu," anatero titapatsana moni, "ndamva kuti Mulungu wakukumbukirani."

"Pang'ono pokha."

"Ndiye zili kuti panopa?"

"Ku banki."

Anapukusa mutu ngati ndawauza kuti mwana ndamusiya yekha pachitsime.

"Ku banki! Inetu ndachokera kumeneko. Kwacha m'banki ndi mchere pamvula. Muyenera kuinivesita, alamu."

Mawu amenewo anawatchula pang'onopang'ono ngati akumeza uchi. Kenako anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pabwalo. Uku Amereka, uku China, apa nkhondo ya ku Ukraine, apa mafuta, apa feteleza. Dziko lathu linali kadontho pafupi ndi chitosi cha nkhuku. Anandifotokozera kuti mzungu wina ku Amereka akangokweza chiwongoladzanja, ndalama zonse za padziko zimathamangira kwa iye, kwacha n'kutsala yokha ikuyang'ana kumwamba.

"Enawa sindiwauza zimenezi," anatero akuloza mudzi ndi mlomo. "Koma inu munaphunzitsa jogalafe. Mumva."

Pamenepo ndiye anandikola. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu ana akumuimirira akamalowa m'kalasi, akapuma ntchito amakhala ndi njala yoti wina amutchule wanzeru. Komanso zonena zawo sizinali zabodza zokhazokha. M'magolosale ku Boma anali atasiya kulemba mitengo ndi inki. Ankalemba ndi choko, chifukwa mtengo wa m'mawa sunkafika madzulo.

Alamu atapita, akazi anga anati, "Abambo, denga likudonthatu. Tigule malata, feteleza wa chaka chino ndi cha mawa, zotsalazo tigule ng'ombe ziwiri za ngolo."

Ndinawayankha monga ndinkayankhira makolo pamsonkhano wa sukulu: kuti maganizo awo ndi abwino kwambiri ndipo tiwaganizira.

Lachisanu ine ndi alamu tinakwera minibasi kupita ku Boma. Ndinatapa ndalama zonse n'kuziika pansi pa kathumba ka mbatatesi kuti akuba asazindikire. Alamu anavala jekete yawo ija ndipo ankayenda patsogolo panga akucheukacheuka, moti ngakhale wakuba wongoyamba kumene ntchito akanadziwa. Kenako tinafika pa boda, pamene alamu anati tikagule madola. Kuseri kwa golosale ina kunali munthu wamfupi wa chikwama cha m'chiuno, amene alamu anati ndi mnzawo wakale, ngakhale kuti iyeyo sanaonetse kuti akuwakumbukira. Anawerenga makwacha anga ndi zala zothamanga. Mulu wonse utatha anandipatsa timapepala tochepa tobiriwira, ndiwo madolawo. Alamu ankatenga pepala lililonse, kuliyang'anitsa padzuwa, kulikanda ndi chikhadabo, kulinunkhiza, kenako n'kunena ndi mawu a kukhosi, "Lenileni."

Ntchito yanga yonse inakwana m'thumba la malaya. Pobwerera dzanja langa silinachoke pachifuwa, mpaka mayi wina m'minibasi anandifunsa ngati ndimadwala mtima. Kunyumba madola aja ndinawaika mu dikishonale yanga yakale, buku limene ndinkadziwa kuti palibe munthu pakhomo panga angalitsegule.

Patapita miyezi ingapo wailesi inalengeza m'mawa kuti kwacha yagwetsedwa. Woulutsa ankalankhula ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Masana ake shuga anasowa m'mashelefu, sopo anakwera, kondakitala wa minibasi ankatchula mtengo wa ku Boma akuyang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Anthu ankalira. Inenso ndinkalira nawo pakamwa, ndikupukusa mutu monga mwa mwambo, koma m'mimba munali chikondwerero. Ndinkalowa kuchipinda, kutsegula dikishonale, kuona timapepala tanga tili phee, titanenepa popanda kudya kanthu. Ndinene zoona: Lamulungu ku tchalitchi tikamapempherera chuma cha dziko lathu, ameni wanga ankatuluka mochedwa.

Akazi anganso anatembenuka. Za malata anasiya kukamba. Anayamba kunena kuti achimwene awo nzeru anabadwa nazo, ndi zakumtundu. Anauzanso mng'ono wawo uja, ndipo pasanathe sabata ziwiri mudzi wonse unadziwa kuti ahedi anaona patali. Mapemphero a mphakati akatha anthu sankabalalika. Ankandizungulira, ine n'kutola kamtengo, kujambula pansi Amereka ndi China, chimodzimodzi alamu, kungoti mapu anga anali olongosoka chifukwa ndinaphunzitsadi jogalafe. Ndinayamba kugula nyuzipepala n'kumaiika kukhwapa tsamba la za chuma likuonekera. Mlimi wa kabichi akandifunsa ngati mtengo ukwere, ndinkayamba ndatsokomola, kenako n'kumuuza za mafuta a ku Arabia.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, alamu anabweranso.

"Dola yafika pamapeto, alamu. Anzeru onse akutulukamo. Akuthawira ku makomoditi."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Zinthu zogwirika. Golide, mafuta, tirigu. Ife kuno golide wathu ndi soya."

Anandionetsa pafoni mzere wokhotakhota wokwera phiri. Anati ku India akufuna soya, ku China nkhumba zikudya soya, nkhuku za dziko lonse lapansi zikulirira soya. Njira yake inali yosavuta: kugula nthawi yokolola alimi ali pamavuto, kusunga, n'kudzagulitsa mvula ikamayandikira. Chaka chapitacho munthu wina wa pamsika wathu anachitadi zimenezo n'kugula lole. Loleyo tonse tinkaiona.

Chimene tonse tinkaonanso n'chakuti chifukwa cha lole yomweyo, chaka chimenecho aliyense anadzala soya. Ukakhala pawindo la minibasi kuchokera kwathu mpaka ku Lilongwe, mbali zonse za msewu munali soya yekhayekha. Ndinaziona ndi maso anga. Ndinaphunzitsanso masamu zaka zambiri, ndipo funso lakuti mtengo umatani katundu akachuluka ndinkalipereka kwa ana a sitandade sikisi. Koma tsiku limenelo ndinangofunsa kuti, "Tiyamba liti?"

Tinabwerera pa boda kukasintha madola. Munthu wamfupi uja anawapenda limodzilimodzi, n'kupatula atatu.

"Awa ndi akale, a mitu yaing'ono. Sayenda. Ndingakuthandizeni pa mtengo wotsika."

"Komatu munandigulitsa ndinu!"

"Ine? Madala, anthu a zikwama tilipo ambiri pano."

Ndinayang'ana alamu, amene anawanunkhiza madolawo ndi mphuno yawo. Iwo anali atatanganidwa ndi foni. Ngakhale zinatero, ndinachokapo ndi makwacha ochuluka kuposa amene ndinabwera nawo poyamba paja, thumba la mbatatesi lodzaza ndithu, ndipo mkwiyo unathera panjira. Sindinadzifunse kuti makwacha ochulukawo akanagula malata angati tsopano.

Ndinagula sikelo, n'kuipachika pa mtengo wa mbawa pafupi ndi msika. Akazi anga anaonjezerapo ndalama zawo za mbatatesi za kudimba, zimene chikwatirane sanandionetsepo pamene amazisunga. Kuti ndipeze katundu msanga, alamu anandilangiza kuti ndizigula mokwererako pang'ono kuposa mavenda. Anthu anakhamukira kwa ine. Amayi ankabwera ndi mabeseni pamutu, ena ndi matumba panjinga, mzere mpaka kumsewu. Mavenda anakhala pa masikelo awo opanda kasitomala, koma sanakwiye. Ankandipatsa moni mwaulemu, ena kundigulira chimanga chootcha. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ambiri mwa amayi a mabeseniwo anali akazi a mavenda omwewo. Ankagula kwa alimi m'mawa, n'kumwaza timadzi ndi kamchenga pang'ono, masana n'kutumiza kwa ahedi.

Kosungira ndinalibe. Nkhokwe inali ndi chimanga, kukhitchini kunali utsi. Tinatulutsa mipando pabalaza n'kuiika pakhonde, soya n'kulowa. Matumba anakwera mpaka kudenga. Wotchi ya pakhoma inabisika, tinkangoimva ikugunda kuseri. Panatsala kanjira kopita kuchipinda, kamene akazi anga ankadutsa cham'mbali atagwira mpweya. Alendo tinkawalandirira panja, mwezi wa Juni, mphepo ya kuphiri ikulowa m'mafupa. Palibe anadandaula. Ankasuzumira pawindo n'kuona chuma.

Mmodzi wa osuzumirawo anali mayi wina wamasiye wa mu mphakati wathu. Amuna awo ankacheka matabwa ku phiri la Dedza, ndipo atamwalira anawasiyira ana asanu ndi nyumba ya udzu. Mayiwa ankatola nkhuni m'nkhalango n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo pang'onopang'ono anakwanitsa kuweta nkhumba zitatu. Ana awo onse anadutsa m'manja mwanga kusukulu. Tsiku lina anafika pakhomo, anagwada patali, n'kunena kuti ali ndi funso.

"Ahedi, ine sukulu sindinapite. Koma ndikumva kuti ndalama zikusungunuka. Nanga nkhumba nazo zisungunuka?"

Funso limeneli linali lanzeru kuposa mayankho anga onse a chaka chimenecho. Ndikanangoti ayi, mayi, nkhumba sizisungunuka, pitani mukazipatse madeya. Koma pakhonde panali anthu ena awiri akumvetsera. Ndinatsokomola. Ndinawauza kuti nkhumba ndi chuma chachikale, chimadya tsiku lililonse, chimadwala chigodola, pamene soya sadya kanthu, amangogona n'kumakwera mtengo. Ndinati akagulitsa nkhumba zitatu lero, pofika Disembala adzagula zisanu ndi chimodzi.

Anagulitsa, n'kugula soya. Popeza nyumba yawo inkadontha, matumba awo anabwera kudzagona pabalaza panga. Anawalemba mtanda ndi khala kuti asasokonezeke ndi anga.

Julayi mtengo unaima pamene unali. Alamu anati ndi mmene zimayambira, mkango umayamba wabwerera m'mbuyo usanalumphe. Ogasiti mtengo unatsika pang'ono. Alamu anati msika ukudzikonza. Seputembala unatsikanso, ndipo kuyambira pamenepo sabata iliyonse ankabwera ndi dziko latsopano. Sabata ino mvula yagwa bwino ku Brazil. Sabata inayo amwenye akolola wawo. Kenako sitima zapamadzi zikusowa, kenako zilolezo zotumizira katundu kunja zavuta. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa jogalafe sindinadziwe kuti mayiko onsewa ali ndi chifukwa ndi ine.

"Gwirani mtima, alamu," ankatero. "Wogulitsa panopa ndi wamantha. Ndalama zimachoka kwa opupuluma kupita kwa odekha."

Ndinadekha. Ndili chidekhere, kwacha inagwanso, ndipo dola ija inafika pamapeto inapitirira ulendo wake osacheuka. Feteleza anakwera mtengo moti anthu ankangopita kukamuona kusitolo ngati wodwala. Ndinasiya kugula nyuzipepala. Mapemphero a mphakati akatha ndinkakumbukira kuti ndili ndi ntchito kunyumba.

Kunyumbako nako kunali nkhani zake. Nkhungu ya kwathu kuno siipempha chilolezo, imalowa paliponse. Matumba a pansi, a soya wonyowa uja, anayamba kutentha okha n'kuchita chuku. Pabalaza panayamba kumveka kafungo kamene akazi anga ankati ndi ka sokosi zanga, mpaka tsiku limene tinasuntha thumba limodzi n'kupeza pansi pake pali bii. Makoswe anabwera ndi mabanja awo. Ananenepa, ubweya ukunyezimira, ndipo ankadutsa masana osathamanga. Mphaka wathu anawayang'ana masiku awiri, kenako anasamukira kwa aneba.

Mayi amasiye aja ankabwera tsiku la msika lililonse. Sankafunsa za mtengo. Ankangopempha kuona matumba awo, kuwasisita ndi dzanja, n'kunena kuti, "Ali bwino," kenako n'kumapita ku nkhuni zawo. Ndikanakonda akanandilalatira.

Chakumapeto kwa Okutobala, mabingu atayamba kumveka cha ku Mozambique, ndinaganiza zopita kwa alamu. Iwo ankati soya wawo akumusunga ku Lilongwe, kwa mnzawo wa nyumba yosungiramo katundu, ndiye ndinkafuna kufunsa ngati wanganso angapite kumeneko mvula isanagwe. Ndinapalasa njinga mpaka kumudzi kwawo. Sindinawapeze, koma ndinapeza akazi awo akupeta chimanga. Pakhomo panali pataoneka bwino. Kukhola kunali mbuzi zambiri kuposa kale. Pakhonde panali matumba a feteleza atafunditsidwa lona. Tikucheza, panafika njinga yamoto yatsopano, woyendetsa wake n'kupereka ndalama za kabaza za tsikulo kwa mayiwo.

"Mwagula njinga?" ndinafunsa.

"Kalekale, nthawi yokolola ija. Abambo anati zinthu zikwera, tigule zogwirika."

"Nanga soya wanu ali bwanji ku Lilongweko?"

Anaima kupeta. "Soya? Ife tilibe soya. Abambo anati soya ndi wa anthu olimba mtima ngati inu. Ife ndalama zathu n'zochepa, si zoseweretsa."

Ndinakhala pampando mpaka alamu anafika. Ataona nkhope yanga, kenako nkhope ya akazi awo, anavula jekete n'kuikoleka pamsomali bwinobwino, ngati munthu wofuna nthawi yoganiza.

"Alamu," ndinatero, "soya wanu uja mulibe?"

"Aliyense ali ndi njira yake, alamu. Zimatengera msinkhu wa ndalama. Inu muli ndi penshoni, mukhoza kupirira zikavuta. Ine ndine munthu wamng'ono."

"Koma munandiuza kuti mwagula."

"Ndinati ndikuganiza zogula. Komanso dokotala samwa mankhwala a wodwala."

Ndinafuna kunena mawu amene hedimasitala sayenera kuwadziwa. Koma ndi achimwene a akazi anga, ndipo kwathu kuno mwini mbumba sumulalatira pakhomo pake. Ndinatsanzika. Akazi awo anandipatsa nthochi zoti ndikapatse mlamu wawo, ndipo ndinazilandira ndi manja awiri.

Nditafotokoza kunyumba, akazi anga anati kuyambira ali mwana achimwene awo anali choncho: ankauza anzawo kuti alumphe mtsinje, iwo atagwira zovala. Za nzeru zakumtundu zija sizinamvekenso.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri masana, ndipo denga linadontha pamwamba penipeni pa matumba. Mawa lake ndinaitana venda wa lole. Anabwera ndi anyamata ake ndi sikelo yake, ndipo ndinamuzindikira: anali mmodzi wa ondigulira chimanga chootcha aja. Ankabaya thumba lililonse ndi kachitsulo kosongoka, kununkhiza, kuluma njere imodzi. Matumba a pansi anawakana. Otsalawo atakwera pa sikelo anapezeka opepuka kuposa mmene ndinawagulira, chifukwa madzi amene ndinagula pa mtengo wa soya anali atauma. Mtengo umene anatchula unali wotsika kuposa umene ndinalipira mwezi wa Meyi, mu kwacha yomwe inali itaondanso. Ndinayesa kumuuza za nkhumba za ku China. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

Lole itadzaza, anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Ahedi, zikomo kwambiri. Mwatisungira bwino katunduyu."

Ndinamva kuti patapita masabata angapo mtengo unakwerako ndithu, ndipo venda uja anapeza kangachepe. Alamu atamva anatumiza uthenga kudzera mwa mlongo wawo wakuti akanakhala iwo sakanapupuluma. Pa Khirisimasi anabwera okha, ali ndi nkhani ya ndalama zina zatsopano zokhala m'foni mokha, zosaoneka ndi maso, zimene anati makoswe sangadye. Akazi anga anawaikira phala la soya m'mawa, ndiwo za soya masana. Madzulo anati ali ndi ulendo wofulumira.

Zimene zinatsala pa penshoni yanga zinakwana feteleza wa chaka chimodzi ndi malata a mbali imodzi ya denga. Mbali inayo tinaikako miphika. Koma izi sizinandisowetse mtendere ngati mmene inachitira nkhani ya mayi amasiye aja. Matumba awo anali pamwamba, ndiye sanaole, ndipo ndalama zawo zonse ndinawapatsa tsiku lomwelo. Anazimanga pansonga ya chitenje. Sabata yotsatira anapita kumsika wa ziweto n'kupeza kuti sizikukwana ngakhale nkhumba imodzi yaikulu, popeza nkhumba, chuma chachikale chija, zinali zitakwera limodzi ndi zinthu zonse.

Ndinazengereza masiku angapo, kenako ndinapita kwawo. Ndinawapeza akumanga mitolo ya nkhuni. Khola linali lopanda kanthu, chitseko ndi makoma ake zitagwa, mkati mutamera bonongwe. Anandiyalira mphasa. Ndinayamba kufotokoza za Brazil, koma pakati pa chiganizo ndinadzimva ndekha mmene ndikumvekera, n'kusiya.

"Mayi, ndinakulakwirani."

Anapitiriza kumanga mtolo. "Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ahedi. Ndadya phula lomwelo."



"Koma ndaphunzirapo kanthu," anatero akukoka luzi ndi mano. "Zaka zonsezi ndinkawamenya ana anga kuti ndi mbuli, onse asanu kulephera sitandade eyiti. Tsopano ndamvetsa."

Anazinena mofatsa, ali chogwada, ndi ulemu wonse woyenera hedimasitala. Mpaka lero sindinamvepo munthu akutukwanidwa mwaulemu chotero.

Ndinakambirana ndi akazi anga, n'kubweza malata awiri kusitolo. Ndi ndalamazo ndinagula tiana ta nkhumba tiwiri kwa mlimi wina wa tsidya la mtsinje. Ndinatimanga miyendo n'kutiika m'dengu kumbuyo kwa njinga. Amene ananyamulapo kamwana ka nkhumba akudziwa kuti sikayenda mwachinsinsi. Tianato tinalira njira yonse, kudutsa pamsika, kudutsa pa sukulu yanga yakale nthawi ya buleki, kudutsa pa mtengo wa mbawa uja. Anthu anatuluka m'nyumba. Ana amene kale ankathawa akandiona ankathamanga pambuyo panga akutsanzira kulirako. Ndinapalasa mutu uli chilili, ngati ndikupita kumsonkhano wa mahedimasitala.

Mayi aja anatiyang'ana tianato, kutitembenuza, kutiona m'kamwa ndi kunsi.

"Zanga zija zinali zitatu," anatero. "Ina inali ndi bere."

"Ndikudziwa, mayi. N'zimene ndakwanitsa."

"Chabwino. Nanga tigona kuti? Kholatu linagwa."

Ndinagwira ntchito pakhomo pawo masiku atatu. Ndinadula mitengo, kukumba maenje, kumanga ndi luzi, manja anga a choko akutuluka matuza. Iwo ankaima pambali manja kumbuyo, akuyendera ntchito. Mtengo ukapendama ankati, "Bwerezani pamenepo, ahedi," ine n'kuzula, kuyambiranso. Chitseko ndinachibwereza katatu. Tsiku lachitatu madzulo anakankha khoma lililonse ndi phewa, n'kuona kuti silikugwedezeka. Analowetsa tiana tija, n'kutithirira madeya. Kenako anandipatsa madzi osamba m'manja ndi kapu ya tiyi wopanda shuga, ndipo tinakhala pamphasa tikumwa, tikuonerera tinkhumba tikulimbirana chakudya.